MIYALA NAYO IMACITIRA UMBONI PA YUNIVESITE

Mu 1938 mnyamata wa ku Mangalande, a J. Desmond Clark, anafika mu mzinda wa Livingstone kudzayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana. M'mphepete mwa Zambezi anali kutola miyala imene anthu akalekale anaisema kukhala nkhwangwa ndi mipeni. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatumizidwa ku Somaliland ndi Ethiopia, ndipo kumenekonso sanaleke kutola. Nkhondo itatha, za miyala ya kumeneko ndizo analembera buku lalikulu pa Yunivesite ya Cambridge.

Komatu kulemba kokha sikupatsa munthu udokotala wa maphunziro. Pa Cambridge wophunzira amaitanidwa pamaso pa akatswiri awiri, mmodzi wocokera ku yunivesite ina, amene awerenga bukulo tsamba ndi tsamba. Zimakhala ngati mlandu pabwalo la mfumu. Mwala uwu unaupeza kuti? Unali pansi bwanji m'nthaka? Wadziwa bwanji kuti unasemedwa ndi munthu, osati ndi madzi a mtsinje? Woyankha mokaika amabwezedwa kukakonza bukulo, ndipo wina amabwerera kwao cimanjamanja atavutika zaka zitatu kapena zinai.

A Clark anapambana. Atabwerera ku Livingstone, mu 1953 anapeza malo amakedzana pa mathithi a Kalambo, ndipo mu 1961 anasamukira ku Yunivesite ya Berkeley ku America. Kumeneko ndiko a Francis Musonda, mwana wa Zambia wogwira nchito pa nyumba yomweyo ya ku Livingstone, analandira udokotala mu 1983 pa zimene anafukula m'cigwa ca Lunsemfwa.