Kuchoka ku Kauma kukafika kunyanja: ulendo wa tsiku limodzi

Anthu ambiri a ku Kauma, Mgona, Chinsapo ndi madera ena a Lilongwe amadya usipa wa ku Salima sabata ndi sabata, koma nyanja imene usipawo umachokera sanaionepo. Ambiri amayesa kuti malo okopa alendo ndi a azungu ndi anthu achuma okha. Chikhalirecho gombe la Senga Bay lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera mumzinda, ndipo wolawirira m'mamawa atha kukasamba m'nyanja n'kudzagona pakhomo pake tsiku lomwelo. Popeza masomphenya a Malawi 2063 akuika ntchito zokopa alendo m'gulu la zotukulira dziko, n'koyenera kuti eni dziko ayambe ndiwo kuwadziwa malowa.

Msewu wa M14 umapatuka pa M1 cha ku Kanengo n'kulowera kum'mawa, kudzera pa Chezi ndi Mvera m'boma la Dowa. Pa Mvera m'pamene amishoni a Dutch Reformed Church, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba m'chaka cha 1889, imene ndi muzu wa Sinodi ya Nkhoma. Kuchoka apo msewu umatsetsereka mokhotakhota kutsikira kuchigwa, ndipo kutentha kumayamba kumveka musanafike pa Kamuzu Road ku Salima. Apa mpamene mumakwera galimoto ina yomaliza makilomita pafupifupi 20 otsala.

Senga Bay ndi mudzi wa asodzi komanso malo a mahotela, monga Sunbird Livingstonia. Wofika msanga amapeza asodzi akukocheza, amayi akuyanika usipa pamathandala, ogula akutsutsana mitengo ya chambo ndi kampango. Patsogolo pa gombe pali chilumba cha Namalenje, chotchuka ndi ng'azi, chimene anthu amafikako paboti. Chakummwera kuli zilumba za Maleri, gawo la Lake Malawi National Park, malo amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna, zimene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi.

Wofuna kuona nyama angathe kupatukira ku Kuti Wildlife Reserve, kufupi ndi tawuni ya Salima. Kumeneko kuli mbidzi, mphalapala, anyani ndi mbalame zamitundumitundu, ndipo popeza kulibe mikango, alendo amaloledwa kuyenda pansi kapena panjinga. Kwa ana asukulu, phunziro la zachilengedwe limamveka bwino akaona mbidzi ndi maso awo kusiyana ndi chithunzi cha m'buku.

Amene ali ndi galimoto yawoyawo angatsate msewu wa M5 kulowera kummwera, kudutsa doko la Chipoka, mpaka ku Mua m'boma la Dedza. Mishoni ya Mua idayambitsidwa ndi ansembe a White Fathers m'chaka cha 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher adatsegula malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare muli zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Komabe Mua ndi Senga Bay n'zovuta kuziphatikiza tsiku limodzi. Ndi bwino kuti ulendo uliwonse ukhale ndi tsiku lake.

Chakudza sichiimba ng'oma, choncho pali zofunika kusamala. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu mwadzidzidzi, ndipo palibe ayenera kukwera boti lopanda majekete oyandamitsa kapena lodzaza mopyola muyezo. Ana asasambe okha. M'madzi odekha a m'mabango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, kotero woona magazi mumkodzo atabwerako athamangire kuchipatala. M'chaka cha 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri n'kumiza mbali ya magombe ndi nyumba zina zogona alendo, choncho ndi nzeru kufunsiratu za malo amene mukupitako. Mabotolo ndi mapepala apulasitiki mubwerere nawo, pakuti nyanja yomweyo ndiyo imatipatsa ndiwo.

Vuto lalikulu kwa mabanja ambiri ndi thiransipoti. Koma magulu a banki m'khonde, makwaya, magulu a achinyamata ndi makomiti a sukulu atha kusonkherana pang'onopang'ono, kubwereka minibasi imodzi ndi kunyamula kamba wakunyumba. Ndalama imene gulu lotere limasiya kwa mwini boti, wokazinga nsomba ndi wosema ziboliboli imadyetsa mabanja a kunyanja ngakhale m'miyezi imene alendo akunja achepa. Atsogoleri a makomiti a chitukuko ndi mafumu a m'madera athu akulimbikitsidwa kuika nkhaniyi pa misonkhano yawo, kuti tchuti chikubwerachi ana a ku Kauma akaione nyanja ya dziko lawo.