Kompyuta yolemba yokha ku Mitundu: si ufiti, koma chenjerani nayo

Amalonda anzanga a mu Tsoka, a ku Wakawaka ndi inu a ku Malangalanga, tamverani zomwe ndaona ndi maso angawa. Nkhaniyi ikukhudza thumba lanu.

Ndinapita ku Mitundu kukapikula mtedza ndi soya monga mwa nthawi zonse. Nditatsika minibasi ndinalunjika ku sitolo ya bambo ena ogulitsa mbewu ndi feteleza komwe ndimasungitsa matumba. Ndinapeza anthu ali piringupiringu pakhomo. Pa kauntala panali laputopu yotsegula. Eni sitolo manja ali m'thumba, koma kamuvi ka pagalasi kakuyenda kokha, manambala akudzilemba okha.

"Achimwene, musayandikire," anandinong'oneza mnyamata wa kabaza. "Ichi n'chithumwa, chikuwerenga ndalama za m'matumba mwathu."

Bambowo anaseka mpaka misozi. "Ndi mwana wanga uyu, ali ku Johannesburg. Akundikonzera buku la ngongole." Atatero anagwira mawusi nkukokera kamuvi kumanzere. Kamuviko kanabwerera kumanja. Pagalasi panatuluka mawu akuti: "Adadi, tasiyani kaye ndimalize."

Mwana ali ku Joni, bambo ali ku Mitundu, koma akulimbirana kompyuta imodzi ngati ana awiri pa mbale ya nsima.

Mmene zimayendera ndi motere. Pali mapulogalamu amene amalola munthu wakutali kulowa mu kompyuta kapena foni yanu kudzera pa intaneti. Otchuka ndi TeamViewer, imene inayamba mu 2005, ndi AnyDesk ya mu 2014, onse ochokera ku Germany. Mukaika pulogalamu yotere imakupatsani nambala. Mukamuuza wina nambalayo, nkumupatsanso pasiwedi kapena kudina pomuvomera, basi walowa. Zonse zomwe mukuona pagalasi iyenso akuziona, ndipo nonse awiri mutha kulemba. Palinso ina yotchedwa Remote Desktop ya mu Windows. Imeneyo pa kompyuta wamba salowamo awiri: wakutali akalowa, amene ali pampando amatsekeredwa kunja.

Ubwino wake ndinauona. Kale makina akavuta, bambowo amatseka sitolo tsiku lonse, kukwera minibasi kudutsa pa Bunda mpaka m'tauni kukasaka wokonza. Lero mwana amakonza ali kutali, malonda osaima. Amene alemba antchito m'mashopu awiri kapena atatu athanso kuona zomwe zagulitsidwa ali khale kunyumba.

Koma mpeni womwe umasenda mbatata ndi womwewo umacheka chala. Izi ndinaziphunzira pa Nathenje, pa msewu wa M1 wopita ku Dedza, komwe mlamu wanga amagulitsa tomato ndi anyezi.

Patapita masabata awiri ndinamupeza atakhala pa benchi, foni ili m'manja, maso ali gwa.

"Alamu, kwagwanji?"

"Alamu, ndalama zonse za geni zapita. Ndimaziona zikutuluka ndi maso angawa."

Anamuimbira bambo wina wa mawu aulemu, wodziwa kupereka moni. Anati akuimba kuchokera ku ofesi, ndipo akaunti yake ya ndalama za pa foni itsekedwa madzulo omwewo ngati siikonzedwa. Anamuuza kuti asavutike kupita m'tauni, iwo akonza ali komweko. Anamutumizira pa WhatsApp pulogalamu yoti aike, namuuza kuti awerenge nambala yomwe yatuluka ndi kuvomera chilichonse chimene foni ifunse. Kenaka anati: "Mayi, taonani ndalama zanu ngati zilimo zonse." Mlamu wanga analemba nambala yake yachinsinsi, osadziwa kuti wina akusuzumira pagalasi lomwelo. Posakhalitsa foni inayamba kudzidina yokha. Pomwe amati aizimitse, uthenga unali utalowa kale kuti ndalama zatumizidwa.

Taonani bwino apa, abale anga. Njira yomwe mwana wa ku Joni amathandizira bambo ake ndi yomweyo inamuliza mlamu wanga. Wakubayo sanathyole chitseko. Anagogoda mwaulemu, mwini nyumba nkumutsegulira yekha.

Musaganize kuti zimagwera osaphunzira okha. Ngakhale boma lalira nazo. Mu 2013, pa nkhani ija ya Cashgate, anthu amalowa mu makina olipirira ndalama za boma otchedwa IFMIS, kulemba malipiro a katundu amene sanaperekedwe, kenaka nkufufuta mapazi awo. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Mu February 2024, pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza nyumba ya malamulo kuti akathyali alowa mu makina opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Mapasipoti anasiya kutuluka kwa masabata angapo, ndipo inu amene mumakaoda katundu ku Joni ndi ku Dar es Salaam mukukumbukira mmene munavutikira.

Lamulo lilipo. Mu 2016 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limati kulowa mu kompyuta ya mwini popanda chilolezo ndi mlandu. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamulanso kuti aliyense alembetse simukhadi yake. Koma mbava zimagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'maina a eni, ndipo ndalama ikangolowa zimaitapa msanga. Mlamu wanga anakadandaula, koma mpaka lero anyezi akuoda pa ngongole.

Tsono nazi zomwe ndatolapo. Wina akakuimbirani nkukuuzani kuti muike pulogalamu pa foni, dulani. Wokonza weniweni mumamuitana ndinu, sakusakani yekha. Nambala ya AnyDesk kapena TeamViewer ili ngati kiyi wa pa golosale, saperekera pa foni kwa munthu amene simukumudziwa nkhope. Ngakhale amene walowayo ndi mwana wanu, musalembe nambala yachinsinsi ya ku banki iye ali momwemo, ndipo akamaliza tsekani pulogalamuyo. Pewaninso kuikonza kuti munthu azilowa nthawi iliyonse osapempha, makamaka ngati ndi wantchito amene mawa mukhoza kusiyana naye. Mukaona kamuvi kakuyenda kokha inu musanaitane munthu, musathamangire kwa sing'anga. Zimitsani data kapena Wi-Fi pompopompo, chifukwa popanda intaneti wakutaliyo alibe manja. Kenaka sinthani nambala yachinsinsi, imbirani banki kapena kampani yanu pa nambala yomwe mukuidziwa kale, ndipo kaneneni ku polisi.

Nditabwereranso ku Mitundu ndinawafotokozera bambo aja za mlamu wanga. Anangoti kukamwa yasa. Madzulo omwewo anauza mwana wawo kuti kuyambira tsopano aziyamba waimba foni, amve mawu ake, ndiye alowe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikatseka benchi madzulo timamanga katundu ndi zingwe nkulipira mlonda. Foni yomwe muli ndalama zonse za geni tiisamale chimodzimodzi.