Wosewela akacoka, mpando wake atenge ndani?

Nthawi ya Mpali ikakwana, pa kashopu ka TV ya sola ku Mtenguleni sipapezeka pokhala. Azimai afika na mipando yao, anyamata aimika njinga panja, maso onse pa banja la a Nguzu. Banja ija timaidziwa monga ya aneba. N'cifukwa cake pamene Wanga Zulu, amene anali kusewela Junza, mai guru wa pa famu ija, anamwalila mu 2025, anthu analila monga malilo agwa pa mudzi pao.

Manje misozi ikauma, olemba sewelo amatsala na mutu ukuwawa. Munthu amene nkhani yonse inatsamila pa iye kulibe, koma sewelo ifunika kupitiliza, cifukwa m'menemo ndiye mudyela ojambula, osoka zovala na oyendetsa mamotoka. Njila zimene amatsata zili zitatu.

Yoyamba ni kusunga dzina, kusintha nkhope. Okonda Spartacus akumbuka Andy Whitfield. Atadwala khansa, eni sewelo sanathamange: anajambula zigawo 6 za nkhani ina, Gods of the Arena, kuyembekeza kuti acile. Matenda atabwelanso anatula pansi, Liam McIntyre n'kutenga lupanga, ndipo Whitfield anamwalila mu September 2011. Otamba anamulandila watsopano cifukwa anadziwa cimene cinacitika. Koma mu The Fresh Prince of Bel-Air, mu 1993, anthu anangoona Aunt Viv wasintha: Janet Hubert wacoka, Daphne Maxwell Reid walowa. Mpaka lelo pa Facebook akali kukangana kuti weniweni ndani.

Yaciwili ni kumupha m'nkhani. Charlie Sheen atacotsedwa nchito mu Two and a Half Men mu 2011, olemba anati Charlie Harper wagundidwa na sitima. Cigawo catsopano cinayamba na malilo ake, pambuyo pake Ashton Kutcher analowa na dzina lina. Sewelo inafika mpaka 2015.

Yacitatu ni kugwetsa nyumba yonse. Mu August 2014, osewela 16 a Generations ku South Africa, pamodzi na Menzi Ngubane, uja Sibusiso Dlomo, anacotsedwa atanyanyala nchito pa nkhani ya malipilo. Sewelo inaima, n'kubwela mu December na dzina lakuti Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka 20. Connie Ferguson anabwelela monga Karabo kuti otamba apeze nkhope imene aidziwa.

Ife a kuno nkhani ya mpando siticita kuphunzila pa TV. Mpezeni woyamba anamwalila mu 1900, koma dzina likalipo, ndipo February aliyense fumbi imabuka pa bwalo la Nc'wala pano pa Mtenguleni. Ngakhale pa banja wamba, wolowa dzina sabwela usiku mwakabisila. Coyamba tilila, akulu akhala pansi, ndiye amuonetsa ku anthu kuti uyu ndiye.

Wotamba nayenso afuna ulemu umenewo. Wagula bando, walipila dikoda mwezi na mwezi, wapilila kuzima kwa malaiti. Kumupatsa nkhope yacilendo popanda mau, ati sazazindikila, ni kumuyesa mwana. Mupatseni malilo ake, ngakhale a cigawo cimodzi cabe. Watsopano asakopele kayendedwe na kaseka ka mnzake, abwele na vake.

Masewelo a kwathu monga Mpali na Zuba, amene anayamba mu 2018 pa Zambezi Magic, anatipatsa anthu okamba monga ise, odya nsima monga ise. Tsiku limene mmodzi wa iwo acoka, pa kashopu paja padzakhala zii. Olemba akatilaila bwino, mawa tidzabwelanso na mipando yathu.