Kozizira, kosagwedezeka, koma kamoyo

Ku Britain ndi mayiko ena ozizira, anthu amaweta m'nyumba kanyama kotchedwa hamster. Kamafanana ndi mbewa, kungoti mchira wake ndi waufupi kwambiri. Mtundu wofala ndi wa ku Syria, ndipo pafupifupi tonse toweta tamtunduwu tinachokera ku banja limodzi lomwe Israel Aharoni anagwira pafupi ndi Aleppo mu 1930.

M'nyengo yachisanu, mwiniwake atha kudzuka n'kupeza kanyamaka katadzipinda, kali zii, osagwedezeka. Ena amathamangira kukakwirira. Chonsecho nthawi zina kamakhala kamoyo, kangolowa mu hibernation.

Nkhaniyi imaoneka ngati ya biology, koma gwero lake ndi physics. Kapu ya tiyi imazizira msanga kuposa mphika wa phala, si choncho? Tengani cube ya 1 cm mbali zonse: surface area ndi 6, volume ndi 1. Ya 10 cm: 600 ndi 1,000. Kakang'onoko kali ndi khungu lochuluka kakhumi poyerekeza ndi thupi lake, ndiye kutentha kumathawa mofulumira. Komanso kusiyana kwa kutentha pakati pa thupi ndi mpweya kukakula, kutayako kumakulanso.

Tsono taganizirani hamster yomwe thupi lake lili pa 37°C m'chipinda chomwe chatsika kufika cha m'ma 5°C. Kuti isunge kutentha kumeneko iyenera kuwotcha chakudya chambiri zedi. Njira yotchipa ndiyo kusiya kulimbana. Thupi limazizira mpaka kuyandikira kuzizira kwa chipindacho, kusiyana kuja kumachepa, kutaya kumachepanso. Mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo ingathe miniti yathunthu osapuma. Si tulo wamba ayi: imakhala choncho masiku angapo, n'kudzuka, kudya, n'kubwereranso. Kapuku wathu uja nayenso amachita zofananako m'nyengo yozizira, atanona kale.

Nanga ungadziwe bwanji kuti sinafe? Yang'anitsitsa pachifuwa kwa mphindi zingapo, osati masekondi. Isisite pang'ono, mwina ndevu zake zigwedezeka. Kenako itenthetse pang'onopang'ono m'manja, kapena ipititse m'chipinda cha 20°C. Pamoto kapena pa heater ayi, kutentha kwadzidzidzi kungaiphe. Kudzuka kumatenga ola kapena kuposerapo, ndipo imanjenjemera kwambiri. Usaope, minofu ndiyo ikupanga kutentha. Ikadzuka ipatse madzi, ndipo ikapanda kuchira bwino, pita nayo kwa dokotala wa ziweto.