Thole Limayamba Kukula Lisanabadwe

Mu Okutobala, dzuwa likamawotcha ndipo tchire lonse litasanduka lupsa, timakonda kuyendera alimi amene anaphunzira pano zaka za m'mbuyomu. Pa khola lina tinapeza ng'ombe zofula ziwiri zikudya gaga mu mgolo wodula pakati, popeza mwini wake ankazikonzekeretsa kulima mvula ikagwa. Chapatali pang'ono panaima ng'ombe zazikazi zinayi zabere, nthiti zili pamtunda, zikunyambita nthaka. Titafunsa chifukwa chimene gagayo analili wa zofula zokha, bamboyo anayankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, izi zili ndi ntchito. Zazikazizi zingopirira, msipu uli pafupi."

Yankho limeneli talimva m'makola ambiri, ndipo sitimuweruza mlimiyo, pakuti gaga ndi wochepa ndipo munda sudikira. Koma ng'ombe yabere nayo ili pa ntchito, ngakhale kuti ntchito yake sioneka ndi maso. Chimene imadya, kapena kusowa, m'miyezi imeneyi chidzaonekera pa thole lake tsiku lobadwa, tsiku losiya kuyamwa, ngakhalenso tsiku limene mudzapite nalo ku msika.

Tiwerenge miyezi

Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, ndiko kuti miyezi 9 ndi masiku owerengeka. Kuno kum'mawa ng'ombe zambiri za m'midzi zimakweredwa pakati pa Januwale ndi Malichi, pamene msipu wachuluka ndipo matupi abwerera. Imene yakweredwa pakati pa Febuluwale idzabereka chakumapeto kwa Novembala. Motero miyezi yake itatu yomaliza imayamba kumapeto kwa Ogasiti, n'kudutsa Seputembala ndi Okutobala.

Apa m'pamene pagona vuto. Thole limapeza magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake kobadwa nako, kapena kuposa, m'miyezi itatu yomalizayi. Nthawi imene likufuna chakudya chambiri kuchokera kwa make ndi nthawi yomweyo imene udzu wauma, madambo aphwa ndipo moto wapsereza zotsala. Komanso tholelo likamakula limapanikiza chifu cha make, kotero kuti ng'ombeyo singathe kudya udzu wochuluka monga kale. Imafunika chakudya chochepa koma chamafuno.

Udzu wouma umakhutitsa koma sumanga thupi. M'chifu cha ng'ombe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzu, ndipo kuti tigwire bwino ntchito timafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse. Msipu wanthete wa m'dzinja umaposa mlingo umenewu, koma udzu wa m'chilimwe ndi mapesi ouma zimatsika kufika pansi pa magawo 5. Zikatero udzu umakhalitsa m'chifu osagayika, ng'ombe imadya pang'ono, ndipo imayamba kusungunula mafuta ndi minofu yake kuti idyetse thole.

Zimene zimaumbika m'mimba

Tisaganize kuti miyezi yapakati ilibe kanthu. Timaulusi timene timapanga minofu ya ng'ombe timaumbika thole lili m'mimba, makamaka kuyambira mwezi wachiwiri mpaka wachisanu ndi chiwiri. Likabadwa, timaulusito timangokula ndi kunenepa, koma chiwerengero chake sichiwonjezeka. Thole limene make anavutika ndi njala pa nthawiyo limabadwa ndi malire amene chakudya cha m'tsogolo sichingawachotse kotheratu. Kwa mlimi woweta ng'ombe za nyama, minofu imeneyi ndiyo makilogalamu amene wogula adzalipire.

Njala ya m'miyezi yomaliza imaonekera msanga kuposa apa. Thole la ng'ombe zathu za mtundu wa Angoni limabadwa lolemera makilogalamu pafupifupi 20 kapena kuposa pang'ono make akakhala bwino. La ng'ombe yowonda limabadwa lopepuka ndi lofooka, ndipo limachedwa kuimirira. Kuchedwa kumeneku n'koopsa chifukwa cha mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amautcha chithuwi. Thole limabadwa lopanda chitetezo ku matenda, ndipo limachilandira kudzera mu mkaka umenewu. Matumbo ake amachilowetsa bwino m'maola 6 oyamba, ndipo pakatha maola 24 khomo limakhala litatsekeka. Ng'ombe yanjala imatulutsa chithuwi chochepa, ndipo thole lofooka limayamwa mochedwa. Masabata otsatira timamva kuti latsegula m'mimba kapena lagwidwa ndi chibayo.

Likapulumuka, limakumana ndi mkaka wochepa, chifukwa make akulimbana ndi kubwezeretsa thupi lake. Pa miyezi 7 kapena 8 limaoneka ngati la miyezi inayi, ubweya uli nyankhalala, mimba yokha ili patsogolo.

Chitayiko china sichioneka pa khola koma m'buku la mlimi. Kuti ng'ombe izibereka chaka ndi chaka, iyenera kutenganso bere pasanathe masiku pafupifupi 82 chiberekereni, pakuti 365 kuchotsapo 283 ndi 82. Imene yabereka ili yowonda imachedwa kufuna nkhunzi, nyengo n'kuipitirira, ndipo imadzabereka patapita zaka ziwiri. Ng'ombe zinayi zobereka chaka chilichonse zingapatse mlimi matole 24 pa zaka 6. Zomwezo, zikamadumphitsa chaka, zimapereka 12 okha. Khola lomwelo, mbusa yemweyo, koma theka la chuma lapita.

Kodi thole laling'ono silibadwa mosavuta?

Alipo amene amamana dala ng'ombe yabere chakudya poopa kuti thole lingakule kwambiri n'kuvuta kutuluka. Mantha amenewa ndi omveka, koma njirayo ndi yolakwika. Ng'ombe yanjala imasowa mphamvu zokankhira, imatopa msanga, ndipo ina imagona osadzukanso. Kuvutika pobereka kumachokera kawirikawiri ku nkhunzi ya mtundu waukulu imene yakwera kang'ombe kathupi laling'ono, kapena ku ng'ombe imene yatenga bere isanakhwime. Mankhwala ake ndi kusankha bwino nkhunzi ndi kudikira kuti yaikazi ikule. Kunenepa kopitirira muyeso nakonso kumavutitsa pobereka, ngakhale kuti m'midzi mwathu vuto limeneli si lofala.

Poyeza thupi la ng'ombe timagwiritsa ntchito manambala kuyambira 1, yowondetsetsa, mpaka 5, yonenepetsetsa. Timafuna kuti ifike tsiku lobereka ili pa 3. Musadalire maso okha, chifukwa bere limanamiza. Ikani dzanja pamsana chakuchiuno ndi pa tsinde la mchira. Ngati mafupa akubaya dzanja ndipo pa tsinde la mchira pali dzenje lakuya, ng'ombeyo ili pansi pa 3, ndipo thandizo liyambe lero.

Chakudya chili pamunda pomwepo

Zambiri zimene ng'ombe yabere imafuna zimamera m'minda yathu, koma timazitaya pa nthawi yokolola. Masamba ndi mitengo ya nshawa, ya nyemba, ya soya ndi ya kalongonda zili ndi mapuloteni ochuluka kuposa udzu wouma. Zisonkhanitseni mukangokolola, ziumire pamthunzi, ndipo muzisunge pa chisanja chofoleredwa. Mphamvu yake ili m'masamba, choncho mukazisiya pa dzuwa mpaka masamba atayoyoka mwasunga nkhuni. Mapesi nawonso asatenthedwe. Ngakhale ali osauka paokha, amathandiza akaphatikizidwa ndi zakudya zamapuloteni.

Mtengo wa msangu ndi bwenzi la woweta. Umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndipo zipatso zake zimagwa m'nyengo youma, pamene zikufunika kwambiri. Zitoleni, muzisinje pang'ono, n'kumapatsa ng'ombe zabere madzulo. Masamba a gliricidia ndi a lukina amathandizanso, koma lukina asapitirire gawo limodzi mwa atatu a chakudya cha tsikulo, chifukwa akachuluka amadwalitsa.

Amene muli pafupi ndi makina ofinyira mafuta, zotsalira za mpendadzuwa kapena za njere za thonje ndi chakudya champhamvu. Theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa tsiku kwa ng'ombe imodzi zimadzutsa tizilombo ta m'chifu tija, ndipo ng'ombeyo imayamba kudya ndi kugaya bwino udzu wouma womwe uja. Gaga amawonjezera mphamvu, ndipo ndi wabwino kumusakaniza ndi zimenezi. Chakudya chatsopano chiyambitsidwe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Chilichonse chimene chachita nkhungu chitayidwe, pakuti chingathe kutayitsa bere.

Mukaona ng'ombe zikutafuna mafupa kapena kunyambita nthaka, dziwani kuti zikusowa mchere ndi fosifolasi. Mchere wosakaniza ndi dicalcium phosphate, amene amapezeka m'masitolo a zaulimi, uzikhala m'khola nthawi zonse. Zonyambita zokhala ndi urea zimathandiza m'chilimwe, koma urea amapha ng'ombe ikadya wambiri nthawi imodzi kapena ikamwa madzi a mvula amene adikha m'chodyeramo. Musayambe kumugwiritsa ntchito musanakambirane ndi alangizi a ziweto. Ndipo pa zonsezi madzi asaiwalike: m'nyengo yotentha ng'ombe yabere imamwa malita 30 mpaka 40 pa tsiku, ndipo yaludzu sidya.

Chakudya chikachepa, ayambe ndani?

Sitikunena kuti mudyetse khola lonse. Patulani zofunika kwambiri, muzidyetse pazokha kuti zamphamvu zisazilande. Zoyamba ndi zimene zili ndi bere loyamba, chifukwa zikukulitsa thole pamene nazonso zikukula. Zotsatira ndi zowonda ndi zokalamba.

Pali thandizo lina losafuna ndalama. Ngati ng'ombe yabere ikuyamwitsabe thole la miyezi 7 kapena 8, lisiyitseni kuyamwa, ndipo inunso lekani kuikama. Musaimange pa goli kapena pa ngolo m'miyezi yomaliza. Lembani m'buku tsiku limene yakweredwa, kuti mudziwe nthawi yoyamba kuiwonjezera chakudya. Ngati ndalama zogulira zowonjezera palibe, ndi bwino kugulitsa ng'ombe imodzi yokalamba mu Meyi kapena Juni, ikadali ndi thupi, kusiyana ndi kudzaisenda chikopa mu Okutobala. Kudyetsa bwino sikulowa m'malo mwa dibi ndi katemera: nkhupakupa ndi chigodola sizisankha thole lonenepa kapena lowonda.

Tonse timaidziwa nkhani ya loto la Farao la ng'ombe zonenepa ndi zowonda, ndi uphungu wa Yosefe wosunga chakudya m'zaka za mwanaalirenji. Kwa woweta wa kuno, loto limeneli limakwaniritsidwa chaka chilichonse: miyezi yonenepa imabwera, yowonda n'kutsatira. Nkhokwe ya ng'ombe yabere imamangidwa mu Epulo ndi Meyi, pamene nshawa zikukumbidwa ndipo mapesi akadali m'munda.

Bambo uja sitinamuuze kuti alande gaga kwa zofula zake. Tinayenda naye kumunda kwake, kumene kunali misangu itatu ndi zipatso zili mbwee pansi, mbuzi za eni zikudzidyera. Madzulo omwewo ana ake anadzaza matumba awiri. Sizinali zokwanira kubweza zonse zimene miyezi yapitayo inawononga, koma anatilonjeza kuti masika akudzawa chisanja chidzamangidwa nshawa zisanakumbidwe.

Inu amene mukuphunzira tsopano, sabata ino tidzalowa m'khola la pano kukayeza ndi manja ng'ombe iliyonse yabere ndi kulemba nambala yake. Inu amene munabwerera kwanu, chitani chimodzimodzi m'makola mwanu, ndipo tikadzakuyenderani mudzationetse bukulo pamodzi ndi matole.