Samalani Zitsime Zoyandikana ndi Kwale

Alimi anzanga a ku Mitundu ndi Nathenje, madzi apansi panthaka amatsika kuchokera kumtunda kulowera kudambo komwe kuli madimba athu. Mvula ikagwa pamulu wa zinyalala za kwale imakokolola dizilo ndi mchere wa nitrate wotsalira ku mabomba ophwanyira miyala. Mcherewu sununkha, suonekanso, koma ukapitirira mamiligalamu 50 pa lita ungadwalitse makanda. Kuwiritsa madzi sikuuchotsa.

Tsono ndikulangizani kuti musakumbe chitsime kumunsi kwa muluwo. Mwezi uliwonse yezani madzi m'chitsime ndi chingwe n'kulemba m'kope, kuti akamaphwa msanga mukhale ndi umboni. M'dzinja ndi m'chilimwe, pemphani alangizi azaumoyo atumize madziwo ku Central Water Laboratory ku Lilongwe kuti akapimidwe.