Injini yomwe tidapereka kukoleji yathu

Masiku ano pafupifupi sekondale iliyonse yodziwika ili ndi gulu la ophunzira ake akale. Amatsegula gulu pa WhatsApp, amasoketsa malaya ofanana, ndipo chaka chikamatha amadzaza galimoto n'kupita kukapenta makalasi, kukapereka mabuku kapena matilesi ogonera ana. Ndi ntchito yabwino ndipo ndimawayamikira. Chimene chimandiwawa n'chakuti amene amalembedwa ganyu yopenta makalasiwo, kukhoma madesiki ndi kulumikiza mawaya a magetsi, kawirikawiri ndife amene tidadutsa m'makoleji a ntchito zamanja, pamene kusukulu kwathu komwe sitipondako. Tidalandira pepala, tidanyamula bokosi la zida, ulendo osacheukanso.

Ine ndine makaniko. Ndili ndi galaja yanga mumzinda wa Lilongwe, ndipo ntchitoyi ndidaiphunzira pa koleji ina ya umisiri nthawi imene galimoto zambiri zidali za kabuleta. Chifukwa chake sitibwerera ndimachidziwa bwino, poti nanenso chidandigwira kwa zaka zambiri: manyazi. Ambiri a ife tidafika kukoleji titasowa malo kuyunivesite, ndipo abale kumudzi ankanong'onezana kuti mwana wa uje wapita kukaphunzira zamanja chifukwa mutu sugwira. Mawu otere amakhalitsa mumtima. Munthu amatha kumanga nyumba ya malata, kuphunzitsa ana ake mpaka ku MUBAS ndi ndalama za sipanala, koma akafunsidwa kumene adaphunzira amayamba watchula sekondale, koleji n'kuitchula motsitsa mawu.

Manyazi amenewa alibe maziko. Mukafika ku Blantyre Mission, imani kaye patsogolo pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. M'busa David Clement Scott ndiye adatsogolera ntchitoyo ngakhale sadaphunzire zomangamanga, koma amene adaponda dothi, kuumba njerwa zamitundumitundu, kuziwotcha ndi kuziyala adali anthu akuno. Patha zaka zoposa 130 ndipo anthu akupempherabe m'menemo. Kumpoto nako, Robert Laws atatsegula Overtoun Institution ku Livingstonia m'chaka cha 1894, sadangophunzitsa abusa ndi aphunzitsi okha. Kudali ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku, ndipo amisiri ochokera kumeneko adakagwira ntchito mpaka kumaiko oyandikana nafe. Sukulu m'dziko muno idayamba buku ndi sowo zili pamodzi.

Za mutu wosagwirazo, ndimangopempha munthu kuti akaone mmisiri akuyala maziko a nyumba. Amakhoma zikhomo, amakoka chingwe, amayeza 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, ndipo akapeza 5 podutsa pakati amadziwa kuti kona yakhala bwino. Ndi samu yomweyo imene ana amalimbana nayo ku sekondale, kungoti iye akailakwitsa, denga silikhala. Wamagetsi akasankha waya wowonda pa chophikira champhamvu, nyumba imapsa anthu ali m'tulo. Ine ndikamanga mabawuti a mutu wa injini mopitirira kapena mosakwanira, minibasi imafera panjira itanyamula anthu. Namondwe wa Freddy atasakaza Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena mu Malichi 2023, anthu amene adafunika kuti mabanja apezenso pogona adali omanga, akalipentala, mapulambala ndi owotcherera zitsulo.

Malo ophunzirira ntchitozi alipo. Makoleji akuluakulu ndi Soche ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ena a boma, ena a mipingo koma othandizidwa ndi boma. Kuyambira 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a m'madera, ndipo Ngara ku Karonga idali m'gulu la oyamba. Palinso sukulu za mabungwe monga Don Bosco ku Lilongwe ndi Mikolongwe ku Chiradzulu. Bungwe loyang'anira maphunzirowa ndi TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1999. Olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunziro a umisiri. Koma sukulu ya umisiri ndi yodula kuposa sukulu ya choko ndi bolodi. Mwana wophunzira kuwotcherera amatha malodi tsiku lililonse, wa ukalipentala amawononga matabwa asanadziwe kudula mowongoka, womanga amafuna simenti ndi njerwa. Kulakwitsa ndiko kuphunzira kwake, ndipo kulakwitsa kulikonse kuli ndi mtengo.

Ine maso adanditseguka chifukwa cha mnyamata wina amene adabwera pagalaja yanga kudzachita atachimenti, kuchokera kukoleji komwe ndidaphunzira. Adali wakhama ndi waulemu. Kabuleta ankaimasula n'kuibwezera osasiya kasikulu ngakhale kamodzi. Tsiku lina kudabwera Toyota Sienta yomwe inkanjenjemera ikaima, nyali ya injini itayaka padeshibodi. Ndidamupatsa kamakina koyezera matenda a galimoto n'kumuuza kuti akalumikize. Adatsegula boneti n'kuyamba kufunafuna. Ndidamuitana, ndidagwada naye pafupi ndi mpando wa dalaivala, n'kumuonetsa kabowo kolumikizira kamene kamakhala pansi pa chiwongolero. Nambala ya vuto itatuluka pagalasi, adaiwerenga mokweza n'kundiuza molondola kuti silinda imodzi siikuwotcha mafuta. Ndidamufunsa kuti wadziwa bwanji. Adati, “Bwana, manambala onsewa tidalemba m'kope, aphunzitsi adatijambulira pabolodi. Kamakinaka ndiye ndakagwira lero.”

Mphunzitsi wake sindimuda, pakuti adachita zimene akadatha ndi choko. Koma kuphunzira injini pabolodi kuli ngati kuphunzira kuphika nsima poyang'ana chithunzi cha mthiko. Misewu yathu yadzaza ndi ma Vitz, ma Passo, ma Honda Fit ndi ma Nissan Note ochokera ku Japan, amene amalowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ndipo onsewa mafuta ake amayendetsedwa ndi kompyuta ndi masensa. Mwana ameneyu akadamaliza maphunziro osakagwira kamakina kaja, akadakhala ndi pepala la ntchito imene pamsewu ikutha.

Patapita nthawi, ophunzira akale a koleji ija tidakumana ambiri pamaliro a mphunzitsi wathu wina wakale. Munthu ameneyu adatiphunzitsa kusula chitsulo ndi fayilo mpaka chikhale chosalala mbali zonse, ndipo ankabweza ntchito yako osakweza mawu mpaka utaikhoza. Titasonkha chipepeso, tidakhala pansi pa mtengo kudikira mwambo, ndipo pamenepo m'pamene tidaona kuchuluka kwathu. Padali eni magalaja, kapitawo wa kampani yomanga misewu, mayi wina wamagetsi amene amaika masola m'zipatala za kumidzi, ndi ena amene adachita kuimba foni kuchokera ku Joni. Ndidawafotokozera za mnyamata uja. Mayi wamagetsiyo adati, “Achimwene, nanga bambo tikuwaika lerowa akadamva zimenezi akadati chiyani?” Gulu lathu lidabadwa madzulo omwewo.

Poyamba ena adafuna phwando ndi malaya olemba dzina la koleji. Tidakangana ndithu. Chimene chidatithandiza n'chakuti tidatuma anthu kukafunsa kaye mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi a m'mashopu chimene akusowa, m'malo mongoganiza tokha. Mndandanda umene adabwera nawo udali wautali, koma a umakaniko adaika chinthu chimodzi pamwamba: injini yamakono yolira, yoti ana azitha kuiyeza, kuiwononga dala n'kuikonzanso.

Tidapeza galimoto yochita ngozi imene thupi lidaphwanyika koma injini ili bwinobwino. Tidagula injiniyo pamodzi ndi kompyuta yake, mawaya onse, thanki ndi deshibodi. Apa m'pamene ndidaona chimene gulu la amisiri limaposa nacho magulu ena. Wowotcherera adapanga choikapo injini cha zitsulo zolimba, chokhala ndi mateyala kuti chizikankhidwa. Wamagetsi a galimoto adakhala masabata akutsata waya umodziumodzi, n'kumata kapepala ka dzina pa sensa iliyonse. Adaikanso timaswichi kumbuyo kwa bolodi, kuti mphunzitsi azitha kudula sensa imodzi mwakabisira, ana n'kumafufuza chimene chavuta. Wopenta adapaka chitsulocho utoto, ndipo mwini lole adanyamula osalipiritsa. Ndalama zimene tidasonkha zidapita ku injini ndi kamakina koyezera basi, ntchito yonse ya manja idali yaulere. Tsiku loipereka, titaliza injiniyo m'shopu, ana adaunjikana mpaka ena kukwera pamabenchi, ndipo mtsikana wina ndiye adayamba kupeza sensa imene mphunzitsi adadula.

Pa za ndalama ndilankhule mosabisa, chifukwa magulu ambiri amafera pomwepa. Ife timasonkha kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, msungichuma amaika pagulu dzina la aliyense amene wapereka, ndipo lisiti iliyonse imajambulidwa kuti onse aione. Kukoleji sitipereka ndalama. Timapereka katundu, ndi kalata, ndipo timaonetsetsa kuti walembedwa m'buku la katundu wa sukulu. Kutero kumateteza ife ndi aphunzitsi omwe ku mphekesera. Amene alibe ndalama timamuuza kuti abweretse tsiku limodzi la ntchito yake, kapena zida zimene zangokhala m'sitolo mwake: sipanala, vayisi, tepi, levulo, zidutswa za zitsulo ndi matabwa zophunzirira.

Komabe mphatso yoposa injini ija ndi malo a atachimenti. Maphunziro a umisiri adakonzedwa kuti mwana azikhala nthawi ina kukoleji, nthawi ina kuntchito yeniyeni, ndipo ana ambiri amavutika kupeza wowalandira. Amayenda ndi kalata kampani ndi kampani mpaka nsapato kutha, ena n'kungokhala kunyumba. Aliyense wa ife amene ali ndi galaja, shopu ya mipando ku Mchesi kapena ku Ndirande, kaya kontrakiti yomanga, angathe kutenga mwana mmodzi. Koma amutenge kuti amuphunzitse. Ndaona amisiri anzanga akusandutsa mwana wa atachimenti kukhala wotsuka galimoto ndi wotumidwa kukagula tchipisi kwa miyezi yonse, kenaka n'kusayina buku lake la atachimenti ngati waphunzira zonse. Uku n'kumubera mwanayo, ndipo n'kuberanso kasitomala amene adzamupatse galimoto mawa. M'gulu lathu tidagwirizana kuti wolandira mwana azimupatsa ya thiransipoti ndi nkhomaliro, azimulola kugwira ntchito yeniyeni akumuyang'anira, ndipo azisayina zokhazo zimene mwanayo wachitadi. Kwa atsikana tidaonjeza kuti amayi a m'gululi aziwaimbira foni kuwafunsa m'mene akukhalira, chifukwa m'magalaja muli pakamwa poipa ndi manja osaugwira, ndipo mtsikana sangadandaule kwa bwana amene akudikira kuti amusayinire buku.

Ena amandifunsa ngati sitikulipeputsira boma udindo wake. Funsoli ndi loona. Injini imodzi singalowe m'malo mwa bajeti, ndipo gulu la ophunzira akale silingalipire aphunzitsi kapena kumanga malo ogona. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za mafakitale, ndipo fakitale siyenda popanda okonza makina. Koma ndaona kuti munthu amene wapereka kanthu amamveka akalankhula. Ena a ife timalipira msonkho wa 1 peresenti uja, choncho tili ndi ufulu wofunsa m'mene ukugwirira ntchito ndi kunena kuti silabasi yatsalira pati. Mphunzitsi yekha amaopa kulankhula zina poteteza ntchito yake. Ife eni magalaja palibe angatichotse, ndipo ndife timalemba ntchito ana otuluka m'makolejiwa.

Tsopano pagalaja payamba kufika galimoto za hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius, zokhala ndi batire lalikulu la magetsi oti angathe kupha munthu wogwira waya wa olenji mosadziwa. Ambiri a ife amene tidakulira pa kabuleta timazikonza mwamantha, ndipo anyamata ophunzirira ntchito pansi pa mtengo wa mango amazigwira ndi manja opanda magolovesi. Tapempha koleji kuti izitsegula shopu Loweruka, ife tipeze batire ndi zida zodzitetezera, mnzathu amene adagwira galimoto zoterezi ku Johannesburg adzaphunzitse aphunzitsi, ophunzira ndi ife tomwe pa benchi imodzi. Anyamata a m'magalaja athu amene ali ndi luso koma alibe pepala tikufuna tipite nawo, kuti akamve za njira ya TEVETA yoyesa luso limene munthu adaphunzirira kuntchito n'kumupatsa satifiketi. Mphunzitsi wamkulu wavomera, ndipo batire tikuisaka.